Katoni Yochokera ku Gaborone: Mmene Makina a DVD Angatumikire Kalabu ya Alimi

Mwezi wa Disembala ukayandikira, pamalo okwerera mabasi mumzinda wa Gaborone pamasowa popondera. Pakati pa Atswana opita kumidzi yawo simulephera kumva Chichewa ndi Chinyanja cha aphunzitsi, anamwino, amisiri a zomangamanga ndi atelala ochokera ku Malawi ndi kum'mawa kwa Zambia, aliyense atafumbata katundu wake. Ena amadzera ku Francistown ndi Kazungula, kuwoloka Zambezi pa mlatho umene unatsegulidwa mu 2021, n'kulunjika ku Lusaka, Chipata ndi Mchinji. Ena amalowera ku Zimbabwe, kudutsa Harare ndi Tete, n'kukatulukira ku Mwanza kapena ku Dedza. Ndi ulendo wa masiku, ndipo katundu amafika atagwedezeka mokwanira.

Njira imeneyi si yachilendo kwa ife. Azigogo athu opita ku Wenela ankakwera ndege pa Francistown, mpaka pamene ngozi ya mu Epulo 1974 inapha Amalawi oposa 70 pafupi ndi tauniyo, boma la Kamuzu Banda n'kuletsa kulemba anthu a kumigodi. Iwo pobwerera ankanyamula njinga, wailesi, galamafoni ndi makina osokera. M'zaka za m'ma 2000 mphatso ya wochokera kunja inasintha: inakhala katoni yopyapyala ya makina a DVD, amene ambiri amangoti deki, yogulidwa ku Main Mall, ku Game City kapena m'timasitolo ta pafupi ndi siteshoni.

Nanenso ndinatumizapo katoni yotere. Kalabu ya alimi ya m'mudzi mwathu inali itandipempha chothandizira maphunziro awo, ndipo ndinaona kuti deki ndi zimbale zingapo za ulimi zikhala mphatso yoposa ndalama. Patapita miyezi itatu ndinalandira uthenga wakuti makina aja anafika akufa. Nditapita kumudzi ndinawapeza ali mu katoni yawo, pamwamba pa kabati ya amalume, atakutidwa ndi chitenje. Sanali akufa ayi. Anthu anali atalumikiza nthambo zonse bwinobwino, koma palibe amene anawauza kuti wailesi yakanema iyenera kusinthidwa kuti iziyang'ana ku khomo la AV. Batani limodzi lokha linawadyera miyezi itatu, ndipo nyengo yopanga manyowa, imene chimbale china chinkaphunzitsa, inali itadutsa.

Kodi nanga n'kutayiranji nthawi pa makina amene dziko lawasiya? N'zoona kuti DVD, imene inayamba kugulitsidwa ku Japan mu 1996, yagonja kwa lamya za m'manja ndi intaneti, ndipo m'masitolo aakulu a ku Gaborone madeki akhala osowa. Koma kumudzi alipo ambirimbiri, m'nyumba za aphunzitsi, m'matchalitchi, m'mashedi a kanema ndi m'makabati a maofesi a zaulimi. Chimbale sichifuna mayunitsi kapena netiweki. Ndipo lamya imaonetsa munthu mmodzi kapena atatu, pamene wailesi yakanema imasonkhanitsa anthu 20 kapena 30 amene akhoza kutsutsana pa zimene aona. Kutsutsanako ndiye sukulu yeniyeni ya mlimi.

Musanagule, ndiponso musananyamule

Katundu wambiri wamagetsi wa m'masitolo a ku Botswana amadzera ku South Africa, ndipo apa pali misampha iwiri. Woyamba ndi pulagi. Mphamvu ya magetsi ku Botswana, ku Malawi ndi ku Zambia ndi yofanana, pafupifupi mavoti 230, choncho makina ogulidwa ku Gaborone sadzapsa chifukwa chongofika ku Kasungu. Koma pulagi ya ku South Africa ili ndi miyendo itatu ikuluikulu yozungulira, pamene soketi ya ku Malawi imalandira miyendo itatu yamakona. Madeki ena amabwera ndi pulagi ya miyendo iwiri yaing'ono. Gulirani pomwepo cholumikizira choyenera, kapena pemphani mmisiri wa magetsi asinthe pulagiyo. Chizolowezi chodula pulagi n'kulowetsa mawaya osavala m'soketi, atapanikizidwa ndi timitengo ta machesi, chawotcha nyumba zaudzu ndi kuvulaza ana. Wogwira ntchito yachitukuko asachite zimenezi pamaso pa anthu, pakuti chimene wachita mlangizi chimasanduka chiphunzitso.

Msampha wachiwiri ndi wa zigawo. Opanga mafilimu anagawa dziko lapansi m'zigawo zisanu ndi chimodzi, ndipo chimbale cha chigawo china chimakanidwa ndi makina a chigawo china. South Africa, Lesotho ndi Eswatini ali m'chigawo 2 pamodzi ndi maiko a ku Ulaya, pamene Malawi, Zambia, Mozambique ndi Botswana ali m'chigawo 5. Nambalayi imalembedwa kuseri kwa makina ndi pa chikuto cha chimbale, m'kati mwa kachizindikiro ka dziko lapansi. Mwamwayi, madeki ambiri otsika mtengo amawerenga zigawo zonse, ndipo zimbale zophunzitsira ndi zojambulidwa pa kompyuta kawirikawiri sizikhala zokhomedwa. Komabe safunsa anadya phula: tengani chimbale chanu popita kusitolo, wogulitsa achiyese mukuona. Yang'ananinso ngati makinawo ali ndi khomo la USB, chifukwa masiku ano makanema ambiri amayenda pa fulashi. Sungani risiti, idzafunika pachipata cholowera m'dziko. Ndipo musananyamule, tulutsani chimbale chilichonse chimene chili m'kati, pakuti chikasuntha m'basi chimakakamira n'kuwononga thileyi.

Nthambo zitatu ndi batani limodzi

Kulumikiza si kovuta monga mmene anthu amaopera. M'katoni mumakhala nthambo ya mitu itatu mbali iliyonse. Mutu wachikasu umanyamula chithunzi, woyera ndi wofiira amanyamula mawu. Kuseri kwa deki alowetseni m'mabowo a mitundu yomweyo olembedwa OUT, ndipo pa wailesi yakanema m'mabowo olembedwa IN. Ngati wailesiyo ndi yakale ndipo ili ndi bowo limodzi lokha la mawu, lowetsani woyera, wofiira mumusiye akulendewera. Chenjerani ndi mabowo ena atatu, obiriwira, abuluu ndi ofiira, amene madeki ambiri ali nawo: amenewo onse ndi a chithunzi, ndipo amene walowetsa nthambo ya mawu m'bowo lofiira la gulu limeneli amadabwa kuona anthu akuyendetsa milomo popanda kumveka. Mawailesi akanema atsopano opyapyala ena alibe mabowo akale aja, ali ndi HDMI yokha. Pamenepo mufunika deki yokhala ndi HDMI, imene nthambo yake imodzi imanyamula zonse, kapena kabokosi kosinthira.

Mukalumikiza, yatsani zonse ziwiri, kenaka dinani pa rimoti ya wailesi yakanema batani lolembedwa AV, TV/AV, INPUT kapena SOURCE mpaka chizindikiro cha deki chioneke. Limeneli ndi batani lija linatilanda miyezi itatu. Lembani dzina lake pa pepala, mumate pa makinawo.

Chithunzi chikatuluka chopanda mitundu kapena chikamagudubuzika, vuto nthawi zambiri ndi la kachitidwe ka chithunzi. Maiko athu amagwiritsa ntchito PAL, pamene America ndi Japan ankatsata NTSC. Lowani mu SETUP, musankhe PAL. Anthu akaoneka owonda ndi aatali ngati mitengo ya bulugamu, sinthani mu SETUP momwemo: 4:3 ndi ya wailesi yakale ya chimsana, 16:9 ndi ya yopyapyala. Zimbale zambiri zophunzitsira zimakhala ndi zilankhulo zingapo, ndipo Chichewa chimasankhidwa pa tsamba loyamba kapena ndi batani la AUDIO. Ndaonapo gulu la amayi litapirira phunziro lonse m'Chingerezi, Chichewa chili m'chimbale chomwecho.

Mawu akuti NO DISC asakuthamangitsireni kwa mmisiri. Onani kaye ngati chimbale chagona mbali yolembedwa ili pamwamba, ndipo ngati chili choyera. Ngati chinajambulidwa pa kompyuta, mwina wojambulayo sanachitseke pomaliza, kapena anangoikamo mafayilo a MP4 amene madeki akale sawadziwa. Muuzeni achijambule ngati DVD yoonera, osati yosungira mafayilo. Fulashi nayo ikhale ya kakonzedwe ka FAT32, ndipo madeki ambiri amakonda mafayilo a AVI. Wachinyamata wa pa sitolo yojambulira nyimbo amazidziwa bwino zimenezi.

Kumene kulibe magetsi

Kalembera wa mu 2018 anapeza kuti ku Malawi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse ndizo zinkawunikira ndi magetsi, ndipo zambiri mwa izo ndi za m'tauni. Choncho funso lalikulu la kalabu si la nthambo koma la moto. Deki payokha si yadyera, imadya mawati pakati pa 10 ndi 20. Chodya kwambiri ndi wailesi yakanema, makamaka yakale ya chimsana, imene ngakhale yaing'ono imafuna mawati 60 kapena kuposa. Tiwerengere limodzi. Batire la mavoti 12 lolembedwa 100Ah limasunga mphamvu yokwana mawati 1,200 kwa ola limodzi. Batire la mtovu siliyenera kutsitsidwa kupyola theka, apo ayi limafa msanga, choncho zogwiritsa ntchito ndi 600. Ngati wailesi, deki ndi inveta pamodzi zikudya mawati 90, muli ndi maola oposa pang'ono asanu ndi limodzi. Ameneyo ndi maphunziro atatu kapena anayi musanatchajenso. Wailesi yopyapyala yaing'ono imatalikitsa nthawiyi, ndipo ilipo ina yolandira mavoti 12 mwachindunji, yosafuna inveta.

Batire la galimoto limagwira ntchito, koma linapangidwira kuliza injini kwa kanthawi kochepa, osati kutha pang'onopang'ono usiku wonse. La sola ndi lokwera mtengo koma limakhalitsa. Waya wofiira apite pa chizindikiro cha +, wakuda pa cha −. Kusemphanitsa kamodzi kokha kumatha kupha inveta. Tchajani batire pamalo opita mphepo, kutali ndi koloboyi ndi fodya, chifukwa limatulutsa mpweya woyaka, ndipo madzi ake amawotcha khungu ndi maso.

Jenereta ili ndi khalidwe lake. Iyambe yalira n'kukhazikika musanalumikize makina, ndipo muzimitse makina musanaizimitse. Isathere mafuta zinthu zili zoyaka, pakuti ikamatsamwa mphamvu imakwera ndi kutsika. Ikhale panja ndithu, kutali ndi mazenera, chifukwa utsi wake umapha mwakachetechete. A m'tauni nawo asadzione otetezeka. Amene tinali ku Gaborone mu 2008, pamene South Africa inachepetsa magetsi otumiza kwa anansi ake, tinaphunzira kuti choopsa si kuzima kwa magetsi koma kubwera kwake. Magetsi akazima zulani pulagi, ndipo chitani chimodzimodzi mvula ya ziphaliwali ikayamba.

Za kusamala ndinena mwachidule. Adani a deki ndi fumbi, kutentha ndi mphemvu. Kansalu kopeta kamene amayi amakonda kuyala pamwamba n'kabwino makina akazima, koma akamagwira ntchito kachotsedwe kuti apume. Chimbale chigwidwe m'mbali, chipukutidwe ndi kansalu kofewa kuyambira pakati kupita kunja, osati mozungulira, ndipo chibwerere m'chikuto chake. Chosiyidwa padzuwa kapena m'galimoto masana a ku Gaborone, kumene kutentha kumapitirira madigiri 35, chimapindika. Chimbale choyambirira chisungidwe ku ofesi, kumudzi kupite chokopera, ngati eni ake amalola. Rimoti imangiridwe chingwe, chifukwa ikasowa, madeki ambiri sangasankhenso chilankhulo.

Choonetsa chichokera kuti?

Kuphunzitsa alimi ndi kanema si nzeru ya lero. Akuluakulu amakumbukira galimoto zachikasu za unduna wa zamalimidwe zimene zinkafika m'midzi madzulo, kupachika nsalu yoyera ndi kuonetsa kanema wa ulimi, nthawi imene magazini ya Za Achikumbi inkawerengedwa m'makalabu. Vuto linali lakuti galimotoyo inkabwera mwa apo ndi apo, ndipo amene sanamve analibe womubwerezera. Wailesi yakanema ya dziko inachedwanso kufika: ku Malawi inayamba mu 1999, ku Botswana mu 2000. DVD inabweretsa chinthu chimene galimoto ija inalibe, ndicho batani loimitsa ndi lobwezera m'mbuyo.

Ku India, ntchito ya Digital Green, imene inayamba mu 2006, inkajambula alimi enieni akuchita ntchito m'minda yawo, n'kumaonetsa anzawo pa wailesi yakanema ndi deki, wotsogolera zokambirana ali pomwepo. Ku Benin, ofufuza a bungwe la AfricaRice anapeza kuti amayi amene anaonera kanema wa kafutsidwe ka mpunga anasintha kachitidwe kawo kuposa amene anangopita kumaphunziro a masiku onse, ndipo ena anatulukira njira zawozawo pogwiritsa ntchito ziwiya zimene anali nazo. Mu 2012 panakhazikitsidwa bungwe la Access Agriculture, limene limamasulira makanema otere m'zilankhulo zambiri, kuphatikizapo Chichewa, ndipo amapezeka pa intaneti kwaulere. Ku Malawi bungweli linayesa njira yochititsa chidwi: linapereka zimbale za mpunga, tsabola ndi kaufiti kwa anyamata a m'masitolo ojambulira nyimbo, otchedwa ma DJ, ndipo lipoti la mu 2016 linaonetsa kuti anyamatawa ankakopera makanemawo m'mamemori khadi a alimi pamodzi ndi nyimbo ndi mafilimu. Mlangizi wanzeru apalane nawo ubwenzi anyamata amenewa.

Gaborone nayo ili ndi mbali yake. Kuno ndiko kuli likulu la SADC, komanso la CCARDESA, bungwe lolumikiza kafukufuku wa zaulimi kum'mwera kwa Africa. Bungweli ndilo linagwirizanitsa pulogalamu ya APPSA, imene inayamba mu 2013, mmene Malawi anatsogolera kafukufuku wa chimanga, Zambia wa mbewu za mtundu wa nyemba ndipo Mozambique wa mpunga. Nzeru zotere zimalembedwa m'malipoti a Chingerezi ndi Chipwitikizi, ndipo mtunda wochoka pa lipoti kufika pa mzere wa chimanga ku Chadiza kapena ku Angónia ndi wautali kuposa msewu wa Kazungula. Kanema wa m'chilankhulo cha mlimi ndi imodzi mwa njira zochepa zimene zimaufupikitsa.

Tsiku la kanema

Kuyatsa makina n'kukhala pansi si kuphunzitsa. Wotsogolera aonere kanemayo yekha kawiri tsiku lisanafike, adziwe poimitsa ndi pofunsa. Phunziro limodzi la mphindi 10 kapena 15 ndi lokwanira pa tsiku. Lionetsedwe lonse koyamba, kenaka libwerezedwe mwa zidutswa. Mafunso abwino ndi akuti: kodi zimene taonazi zikusiyana pati ndi mmene timachitira kuno? Chimene tilibe n'chiyani, ndipo tingachilowetse m'malo ndi chiyani? Ndani ayese pa mizere ingapo ya munda wake kuti tonse tidzaone?

Tengani chitsanzo cha kaufiti. Mlimi aliyense amadziwa maluwa ake ofiira, koma ndi ochepa amene anaonapo mmene amayamwira mizu ya chimanga asanatulukire pamtunda, kapena amene amadziwa kuti chitsamba chimodzi chimabala timbewu zikwizikwi tonga fumbi, totha kudikira m'nthaka zaka zoposa khumi. Mlangizi akanena pakamwa, ena amati ndi nthano za kusukulu. Akaona ndi maso muzu utamatirira pa muzu unzake, amamvetsa chifukwa chake kaufiti ayenera kuzulidwa asanabale mbewu, chifukwa chake manyowa ndi kasakaniza wa chimanga ndi mbewu za mtundu wa nyemba zimathandiza, ndiponso chifukwa chake munda wa mnansi wosazula umabwezera vuto kwa onse. Koma kanemayo afike pa nthawi yake, kaufiti asanachite maluwa. Wa manyowa aonetsedwe pokolola, mapesi asanatenthedwe, ndipo wa kasungidwe ka mbewu chimanga chisanalowe m'matumba.

Nthawi ya tsiku nayo imasankha oonera. Kanema wa chisisira amapeza amayi ali pamoto, ndipo m'chipinda mumadzaza abambo ndi ana, chonsecho ntchito yambiri ya m'munda ili m'manja mwa amayiwo. Funsani iwo nthawi imene ingawakomere, ndipo mutchinge mazenera ngati ndi masana. Wailesi ikwezedwe pa tebulo, okalamba akhale kutsogolo. Ngati pali ndalama yoonjezera chinthu chimodzi, gulani sipika, chifukwa anthu amapirira chithunzi chaching'ono koma sapirira mawu osamveka.

Chovuta kuposa zonse si cha waya. Makina a gulu amafuna mwini wodziwika. Kalabu igwirizane pamaso pa mfumu za amene asunge, amene angabwereke, ndi amene alipire zikawonongeka, ndipo zonsezi zilembedwe m'kaundula. Yesero la kusandutsa deki kukhala shedi ya kanema ndi lalikulu, ndipo sindilinyoza kotheratu, pakuti ndalama ya pakhomo ikhoza kutchaja batire. Koma ana asaloledwe nthawi ya sukulu, zolaula zisayandikire, ndipo oonetsa kanema kwa anthu olipira adziwe kuti pamafunika chilolezo cha boma. Nyimbo ndi mafilimu zili ndi eni ake: ku Malawi ufulu wawo umayang'aniridwa ndi COSOMA kuyambira mu 1992, ku Botswana ndi COSBOTS. Zosangalatsa zophunzitsa ziliponso. Neria, filimu ya ku Zimbabwe imene Oliver Mtukudzi anachitamo sewero, imadzutsabe mkangano wa kulanda chuma cha amasiye, ndipo Seasons of a Life ya Shemu Joyah imayambitsa zokambirana za nkhanza zochitikira atsikana ogwira ntchito m'nyumba.

Deki ya kwathu ija inagwira ntchito zaka zisanu. Inasungidwa kwa msungichuma wa kalabu, mayi wamasiye amene ankaitulutsa Lachitatu lililonse masana, rimoti itamangidwa ku mwendo wa tebulo ndi chingwe cha thumba la feteleza. Diso lake litafooka n'kusiya kuwerenga zimbale, khomo la USB linali likugwirabe, ndipo mdzukulu wake anakopera maphunziro onse pa fulashi imodzi.